Mchombo wa Mwana Wanga

Masiku ano mchombo wa khanda ukagwa sitikwirira. Timapita nawo kuchipatala, makina n'kutchula bambo wake, ndipo bamboyo amadulira mwanayo theka la munda wake mpaka adzakule.

Wa mwana wanga utagwa, apongozi anga, aNangondo, anandibweretsera nkhuni, chinthu chomwe sanachitepo chikwatiwire ine.

"Mayi, mukadali ofooka. Bweretsani mchombowo, ndikakuperekereni."

Ndinayang'ana amuna anga, a Fatsani. Iwo anayang'ana kudenga. Munda wawo wa kudambo uja amaukonda kuposa ine. Ndinapatsa apongoziwo kansanza komanga bwino.

Masana anabwera akugwedeza mutu, akukweza mawu kuti aneba amve. "Makina akana! Akuti mwanayu si wa Fatsani."

"Atero ndithu, amayi?" ndinawafunsa.

"Ndamva ndi makutu angawa."

Ndinamasula mfundo ya pansonga ya chitenje changa n'kuwaonetsa mchombo weniweni. "M'kansanza muja munali kachikopa ka mbuzi. Mukanafikadi kuchipatalako, akanakuuzani kuti bambo wake ndi tonde wa aneba athu, a Chisale."

Ndinabereka mwana wanga kumbuyo.

"Bambo a mwana, valani nsapato. Tipitira limodzi kuchipatalako, koma inu mukhale patsogolo, ndizikuonani."