Kontena ya Malemu Amuna Anga

Katundu wa malemu amuna anga anayenda panyanja miyezi itatu m'kontena. Isanafike n'komwe, abale awo anali atagawana kale pakamwa makina osokera amene malemuwo anandigulira kunja. Itafika, ndinapita kudepoti yosungira makontena kukaigonera pakhomo. Abe ine ndikuona!

Mlonda anaunika chitseko ndi tochi. "Mayi, chidindo n'chosadula. Sinatsegulidwe chichokereni kunjako."

Alamu aakulu anatulukira ndi chodulira zitsulo. "Sunthani, alamu. Ndi za m'bale wathu izi."

"Ali moyo munawaimbirapo foni? Yambani mwadula ine!"

M'katimo munamveka kugogoda. Kawiri, zii, kenako kamodzi, mmene amuna anga ankagogodera akafika mochedwa.

Alamu anataya chodulira chija. Mlonda anazimitsa tochi.

"Zaka zisanu osabwera kwanu," ndinakalipa, "lero ndiye mukugogoda?"

M'katimo makina aja anayamba kusoka.