Chidindo cha Chala cha Habibu

Panali munthu wina ku Dwangwa, telala, dzina lake Habibu. Akuti zinachitikadi, nthawi ya chipani chimodzi, muja munthu akakwezedwa Landirova abale ankaopa ngakhale kufunsa.

Tsiku lina panafika mlendo wovala tayi, atasenza makina a juga, aja oponyamo ndalama n'kupukusa chogwirira.

"Achimwene, ndibwerekeni khonde lanuli. Mawa odula nzimbe akulandira, phindu tigawana pakati. Laisensi ya boma nayi. Mwini khonde amangodinda chala apa."

Pepalalo linalidi ndi chidindo, koma linali la Chingerezi. Habibu ankadziwa zilembo za Chiarabu za ku madrasa zokha.

Mkazi wake, Mwanahalima, anamukokera kuseri. "Bambo a Rukiya, juga ndi haramu, chipembedzo chathu chimaletsa. Komanso ine ndikuopa. Kaonetseni kaye pepalali kwa aphunzitsi a Timoteyo."

"Ndikadziyalutse kuti sindidziwa kuwerenga? Iwe chidindochi sukuchiona?"

Anadinda. Pepala lija analikhomera pakhoma, pamwamba pa makina osokera, kuti aliyense aone.

M'mawa mwake, eee, khonde linadzaza. Anthu kuponya, makina kumeza, osalavula ngakhale tambala. Dzuwa lili paliwombo mlendo anakhuthulira ndalama zonse m'chikwama, ati akukagula fodya. Mpaka lero.

Odula nzimbe anasolola zikwanje. Asanamukhudze Habibu, Landirova ya apolisi inaima.

"Makinawa ndi a yani?" anafunsa wapolisi.

Habibu analoza pakhoma. "Bwana, chilolezo chilipo."

Wapolisi anawerenga, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, ichi si chilolezo. Ndi kalata yoletsa. Ikuti makinawa ndi obera anthu, mwini wake wachenjezedwa, akawagwiritsanso ntchito ndi ndende. Ndipo mwiniyo wavomera podinda chala. Tambasulani dzanja."

Inki inali isanachoke kuchala chachikulu.

Apolisi anamukweza Habibu m'Landirova muja. Mwanahalima anathamangira galimotoyo, mwana ali kumsana, mpaka anagwa mumsewu. Anansi onse anatseka zitseko. Palibe anayerekeza kunena kuti makina anabwera ndi mlendo.

Habibu anabwerako patatha zaka zinayi, atawonda ngati bango, maso atachita khungu. Sanathenso kulowetsa ulusi m'singano.

Phunziro: Safunsa anadya phula. Chidindo si chilolezo ayi, ndipo juga imalemeretsa mwini makina yekha. Musadinde chala kapena kusayina pepala lomwe simunalimve, manyazi a tsiku limodzi saposa ndende. Musaisunge nokha nkhaniyi, ipatsireni abale anu onse, mwina wina mlendo wamufikira kale pakhonde.