Chinkhwe cha Malemu Willard

Keziya anachipeza chinkhwe chili kwala pansi m'khola lake, nthenga zili nyankhalala, chikupuma mobanika. Sanavutike kufunafuna wolakwa. Anali Rozina wa khomo loyandikana, uja anakadandaula kwa alandilodi kuti mbalameyo imasokosa, mpaka kunena pampopi, anthu akumva, kuti mankhwala a makoswe sadula ku Chibavi kuno.

Kwa Rozina inali mbalame chabe, koma kwa Keziya anali mawu a mwamuna wake. Willard anabwera nacho kuchokera ku Congo masiku amene ankayendetsa thiraki, ndipo chinamulanda mawu onse, ndi katsokomole komwe. Panali patatha zaka ziwiri chimuikireni m'manda, koma m'mawa uliwonse pakhondepo pankamveka Willard akufunsa ngati tiyi wapsa. Keziya ankayankha ndithu, wopanda manyazi.

Nchifukwa chake ankachisamala ngati dzira. Ataona kuti chanenepa ndi mtedza mpaka kumadzizula nthenga, anaitana a Herbert, dokotala wa ziweto. Iwo analetsa mtedzawo, n'kumusiyira pepala la Chingerezi la zakudya zoyenera. Keziya sukulu sanapite nayo patali, koma pa mayina a zipatso panalibe womunamiza. Dzulo la tsiku la tsokali anazungulira msika wonse kusankha zabwino zokhazokha, n'kudzadyetsa mbalameyo ndi dzanja lake.

A Herbert anafika pa njinga yamoto chinkhwe chitatsirizika kale. Anapeza anthu atadzaza pabwalo, Keziya akumulalatira Rozina. Keziyayo anamutchula mfiti, wamtima wachikunja. Rozina ankangopukusa mutu, akulumbira pali Mulungu kuti sanapondeko pakhondepo. Panalibe womukhulupirira.

Mawu atamuthera, Keziya anangoti khwefu pasitepe, n'kuyamba kulira. Sankalirira mbalame ayi. Ankalira chifukwa mawa m'nyumbamo mudzakhala zii, ndipo umasiye umene anauzemba zaka ziwiri unali utamupeza.

"Adokotala, mulembe kalata ya kupolisi," anatero. "Mayi uyu wandiphera Willard kachiwiri."

A Herbert anasendera pakhola paja. Anatulutsa kambale m'kholamo, n'kukayang'anitsitsa, kenaka anafunsa chimene mbalameyo inadya dzulo. Keziya anakatenga pepala lija mothamanga, kuti anthu onse aone kuti iye sanaphonye kanthu. Analoza ndi chala mzere ndi mzere: apozi, papaya, karoti, peyala. Anawonjezera kuti peyalalo anasankha lofewa, lamafuta, ndipo chinkhwe chinalikonda mpaka kunyambita zala zake.

A Herbert anavula chipewa, n'kutsitsa mawu.

"Pepani chomene, mama. Peyala la papepalali ndi chipatso china, cha kwa azungu. Lathu lino, la njere yaikulu m'katimu, kwa chinkhwe ndi poizoni."

Keziya anafuna woti amutukwane, koma aliyense anali atazolika. Amene anabwera kudzamugwira paphewa anali Rozina.