Dilamu Lozizira

Maud anaithawitsa vani kutangoda, abale a malemu mwamuna wake, a Rowland, asanabwere kudzailanda. Atadutsa a Yufi oona makadi a chipani ku Nkopola, tayala lakumbuyo linagwira.

Anakweza jeke akutukwana, nachotsa tayalalo kuti aone dilamu la mabuleki. Mabuleki akagwira, dilamu limaotcha dzanja. Ili linali lozizira ngati mtsuko. Analimenya ndi hamala, koma silinasunthe.

"Mubweze kaye mashuzi a mabulekiwo, Maud," anatero mawu a Rowland kunsi kwa vani.

"Chokaniko! Muli moyo simunalikonzepo. Abale anu atenga mbuzi, azula malata. Lero muli mbali ya ndani?"

Kenako dilamu linayamba kuzungulira lokha, pang'onopang'ono, chobwerera m'mbuyo, kolowera kwa abale aja.