Ndabwera Kudzachotsa Mlandu

"Ndabwera kudzachotsa mlandu," ndinatero pakauntala ya polisi.

Wapolisi wamkazi anasiya kulemba. Anayang'ana diso langa lotupa, ndi ulusi umene anandisokera kuchipatala pamwamba pa chikope.

"Mlandu wa amuna anu uja? Mayi, mwaganiza nokha zimenezi?"

"Aganiza okha," anayankha apongozi anga, atandigwira pachigongono. "Izi ndi za m'banja. Ana akungolira bambo awo."

Ana sanalire. Chimangidwireni bambo awo akugona tulo tofa nato, ndipo wamng'ono uja wasiya kukodza pabedi.

"Ndikufunsa iwowa, osati inu," anatero wapolisiyo.

Zala za apongozi zinalowa m'mnofu wanga. Nyumba imene timakhala ndi yawo.

"Ndaganiza ndekha," ndinatero.

Amuna anga anatuluka m'chitokosi atagwirizira thalauza ndi dzanja. Wapolisiyo anatsegula kabati n'kuwabwezera katundu wawo: foni, zingwe za nsapato, ndi lamba.

Lamba yemwe uja, wa chitsulo chachikulu.

Amuna anga anamanga lambayo m'chiuno pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Tiye kunyumba," anatero.