Timphira ta Pampu ya a Gunvor

"Ndi iyeyo, Tuva. Usavutike kuyang'ana kwina. Mapazi ake ndi awo," anatero a Gunvor.

"Mapaziwo ndi anga, inde," anatero a Torleif ali kuseri kwa mpanda. "Kodi kuyenda kunaletsedwa?"

"Pakhomo panga kunaletsedwa kalekale, nkhandwe yokalamba iwe."

"Wati chiyani?"

"Ndati gonthi."

Tuva, mmisiri wa makina otenthetsa nyumba, sanadzutse mutu. Anali atagwada m'chipale chofewa pansi pa bokosi la panja la pampu yotenthetsa nyumba ya a Gunvor, zala zitachita dzanzi. Timphira timene anaika pansi pa miyendo ya bokosilo kuti lisamanjenjemere tinali titasowanso. Wina anamasula mabawuti ndi sipanala, n'kuchotsa timphirato, n'kumanganso mwaukhondo. Popanda timphira, fani ikangoyamba kuzungulira bokosi limagunda khoma la matabwa ngati thirakitala. Choipitsitsa, paipi ya gasi inali itayamba kung'aluka pamfundo. Ikangothyoka, nyumba izizira tsiku lomwelo.

Ndipo nyumba ikazizira, a Gunvor basi. Mwana wawo Sindre ananeneratu kuti pampu ikangofa m'nyengo yozizira ino, amayi ake apita kunyumba yosungira okalamba ku Tynset. Nkhuni sangathenso kunyamula. Chaka chatha anagwa m'bafa m'mawa n'kukhala pansi mpaka masana, popanda wodziwa. Kuyambira pamenepo Sindre ankangodikira chifukwa.

"Sindipita," anatero a Gunvor, atagwira ndodo ndi manja onse awiri. "Ana anga ndinalerera muno. Mwamuna wanga anafera muno. Ikonze, mwanawe. Iwotcherere, imange ndi unyolo, chita chilichonse."

Tuva ankawakonda mayi ouma khosiwa. Ankamupatsa khofi ndi buledi wopaka tchizi chabulauni, koma malangizo ake sankamva. Anawauza kambirimbiri kuti pampu sazimitsa. Iwo ayi. Akamakagona ankadina rimoti kuti thi, akadzuka n'kuyatsanso asanavale n'komwe magalasi. Ankati makina nawonso amafuna tulo.

Za a Torleif mudzi wonse unkadziwa. Awiriwa anayamba kukangana ali pasukulu, ndipo ukalamba sunawaziziritse. Anakangana za mpanda, za mphaka, za chipale chimene wina ankakankhira kwa mnzake. Windo la kuchipinda kwa a Torleif linayang'anizana ndi bokosi la pampu, ndipo ngakhale kuzizire chotani linkakhala lotsegula pang'ono. Munthu wotani amagona windo lili lotsegula pamene mpweya ukuuma pandevu? Wofuna phokoso, kuti apeze chokasumira ku khonsolo. Tuva atangoika timphira koyamba, pampu n'kukhala chete ngati mphaka wogona, m'mawa mwake bamboyo anafika pakhomo atavala masilipasi, wopanda jekete, akumenya chitseko ngati achithyole. A Gunvor atatsegula, a Torleif anangowayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Tsitsi lako likungokhala ngati tsache," anatero, n'kubwerera.

Tsiku lotsatira timphira tinasowa.

Tsopano dzuwa linali litangosuzumira pamwamba pa mitengo ya paini, lofiira, lamanyazi, likuoneka kale kuti silikhalitsa. Tuva anaimirira, mawondo atanyowa. Analibenso timphira tina m'galimoto, ndipo kuleza mtima kunali kutamuthera. Anapita pampanda n'kuima kumbali ya khutu limene a Torleif ankamverako pang'ono.

"A Torleif, ndakupemphani. Paipi ija ikathyoka, mayiwa awatenga. Mukumva? Awatenga, nyumbayi aigulitsa."

Nkhalambayo inaphethira. "Ndani awatenga?"

"Sindre. Si zimene mukufuna?"

"Akufuna zimenezo," anatero a Gunvor kumbuyo. Misozi inali itayamba kuuma pamasaya. "Wapambana, Torleif. Usangalale. Akabwera anthu a ku Oslo ndi agalu awo kudzakhala muno, uzikawabera iwowo."



"Tamverani," anatero Tuva mofulumira, chifukwa nzeru inali itamufikira. "Ndilichotsa pano bokosili. Ndikaliika kuseri kwa nyumba, kumbali ya nkhalango. Ndigwira lero lomwe, ngakhale kude. Simudzalimvanso mpaka kalekale. Mwakhutira?"

Anayembekeza kuti bamboyo amwetulira. Koma nkhope yake inayera ngati chipale chimene anapondapo, ndipo dzanja linagwira mpanda mwamphamvu.

"Ayi. Kuseri ayi."

"Nanga mukufuna chiyani? Nenani, tafa nako kuzizira kuno."

A Torleif anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa timphira tonse, takale ndi tatsopano, n'kutiika m'manja mwa Tuva mosamala ngati mazira. Sanayang'ane Tuva. Anayang'ana a Gunvor.

"Za paipi sindinadziwe," anatero. "Makutu angawa pampu yachete saimva. Ikagunda khoma m'mawa, ndimadziwa kuti wadina rimoti, waimirira, sunagwenso m'bafa muja. Ndikamatero ndimatseka windo n'kukaphika khofi. Ndimangofuna ndizikumva ukadzuka, Gunvor."