Chikhomo cha Langford

Langford ali moyo, dzinja lililonse ankakhoma chikhomo m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kuseri kwa nyumba zatsopano za ku Kakumbi. Anali sikauti wa nyama, ndipo madzi ankawadziwa monga ankadziwira mapazi a njovu. Madzi akangokhudza chikhomocho, banja linkanyamula mphasa n'kuthawira kumtunda. Mkazi wake Anastasia ankamuseka: "Inu atate ake Doris, nyumba ya njerwa n'kuopa kamtsinje?"

Chaka chachiwiri chimwalirireni Langford, Anastasia anatuluka kutangoda kukaanula zovala zimene anaziiwala pachingwe. Mvula inali isanagwe sabata yonse, kamtsinjeko kali mchenga wokhawokha.

Ndiye anamva kugogoda. Kho, kho, kho, kenaka kaye phee, ngati munthu akupumitsa phewa. Langford phewa lakumanja linkamuvuta.

Anayatsa tochi. Chikhomo chatsopano chinali chilili, chosongoledwa kumene, chopendekera kumanzere monga ankakhomera mwini wake. Koma sichinali kumtsinje. Chinali pakhonde, pafupi ndi chipinda chimene munagona kamwana kawo Doris.

"Mwabwera, atate ake Doris?" anafunsa chapansipansi. "Kodi kumeneko simupumako?"

Anasendera pafupi.

Anachigwira chikhomocho. Chinali chonyowa mpaka kumutu, chikununkha matope a kumtsinje.

"Chabwino, ndamva," anatero. "Sindidzakusekaninso."

Analowa kukadzutsa Doris ndi kupinda mphasa. Ali m'katimo, kugogoda kuja kunayambiranso, ulendo uno pakhoma, pamwamba pa zenera.